Ndege iti imasokosa kwambiri? Kuyerekeza za ku Chileka, za ku Lumbadzi ndi zodutsa pamwamba pa tiyi wathu

Kuno ku Thyolo tilibe bwalo la ndege zikuluzikulu. Lapafupi ndi la Chileka, lomwe kuchokera pa boma lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 mukayeza molunjika, osatsata kukhota kwa msewu wa Bvumbwe ndi Limbe. N'chifukwa chake ambiri tikamva za phokoso la ndege timangoti aa, imeneyo ndi nkhani ya anthu a ku Chileka ndi ku Lumbadzi, ife zathu ndi zigayo ndi njinga za kabaza. Koma chimene chimapweteka khutu si kukula kwa ndege. Chimawerengedwa n'chakuti yadutsa pafupi bwanji, imadutsa kangati, ndiponso nthawi yanji. Mukayeza motero, kandege kamodzi kouluka motsika pamwamba pa minda kangathe kusokosera mudzi kuposa Boeing yodzaza anthu yomwe ikudutsa m'mitambo. Manambala ake ndi awa, kwa aphunzitsi, a makomiti a chitukuko, ndi aliyense amene akuganiza zogula puloti kufupi ndi bwalo la ndege.

Sikelo yake ndi yachilendo

Phokoso amaliyeza m'madesibelo, polemba amafupikitsa kuti dB. Muyezo umenewu umapusitsa, chifukwa suyenda ngati makilogalamu a tiyi pa sikelo ya kalaliki. Kumunda makilogalamu 60 ndi madengu awiri a 30, nkhani yatha. Pa phokoso sizili choncho ayi. Mukawonjezera madesibelo 3 okha, mphamvu ya phokosolo yawirikiza kawiri. Mukawonjezera 10 yawirikiza kakhumi, ngakhale khutu la munthu limamva ngati langokula kawiri. Ndiye wina akakuuzani kuti ndege iyi ndi 90, inayo ndi 100, zangosiyana ndi 10 basi, musavomere msanga. Ya 100 ija ikutulutsa mphamvu yofanana ndi ndege khumi za 90 zitayima pamodzi.

Kuti manambalawa akhale ndi tanthauzo: kunong'onezana ndi madesibelo pafupifupi 30, kucheza pakhonde ndi 60, kuima m'mphepete mwa msewu wodzaza magalimoto ngati pa Limbe ndi pakati pa 70 ndi 80. Mkati mwa chigayo nthawi zambiri mumapitirira 90. Jeti ikamanyamuka inu mutaima pa mamita 30 imafika 130 mpaka 140, pomwe khutu limamva ululu weniweni ndipo lingawonongeke nthawi yomweyo.

Lamulo lina losavuta kukumbukira ndi la mtunda. Mukatalikirana ndi gwero la phokoso kawiri, phokoso limatsika ndi madesibelo 6. Ndege yomwe ili pa mamita 3,000 imamveka motsika ndi madesibelo 40 poyerekeza ndi ndege yomweyo itakhala pa mamita 30, ndipo mpweya umameza lina panjira. Zimene timaziona zikusiya kamzere koyera kumwamba zimakhala pa makilomita 10 kapena 12, n'chifukwa chake timangomva kaphokoso ngati bingu la kutali, mwinanso osamva n'komwe.

Za kale ndi za lero

Ndege iliyonse yatsopano isanaloledwe kunyamula anthu imayezedwa phokoso motsatira malamulo a ICAO, bungwe la United Nations loona za maulendo a pandege, lomwe Malawi ndi membala wake. Amaika zoyezera pa malo atatu: pansi pa njira yonyamukira, makilomita 6.5 kuchokera pomwe ndege yayambira kuthamanga. Pansi pa njira yoterera, makilomita 2 isanafike pa msewu wake. Ndi m'mbali, mamita 450. Muyezo wa pamenepa uli ndi dzina lakelake, EPNdB, chifukwa umawerengeranso kamluzu kolasa m'khutu ka injini ndi nthawi yomwe phokosolo limatenga lisanathe. Manambala ake sangafanane ndendende ndi amene foni yanu ingakuonetseni.

Malamulowa akhala akukhwima pang'onopang'ono. Gawo lotchedwa Chapter 2 ndi la kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Chapter 3 inabwera mu 1977. Chapter 4 inayamba mu 2006, ndipo inafuna kuti manambala a malo atatu aja mukawaphatikiza atsike ndi 10. Chapter 14, ya kumapeto kwa 2017, inatsitsanso ndi 7.

Achikulire a ku Chileka sangafune buku kuti adziwe kusiyana kumeneku, anakumva ndi makutu awo. Air Malawi inali ndi ndege za BAC One-Eleven kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1974 inagula Vickers VC10, chindege cha injini zinayi kumchira chomwe chinkachoka pa Chileka kupita ku London mpaka chinasiya kuuluka mu 1979. Odziwa za ndege amaziika ziwirizi m'gulu la ndege zonyamula anthu zosokosa kwambiri za nthawi imeneyo. VC10 ija itasiya ntchito inakhala zaka zambiri itangoimikidwa pabwalo pomwepo. Lero Malawi Airlines, yomwe inayamba kuuluka mu 2014 ndipo boma lili ndi magawo 51 pa 100 pomwe Ethiopian Airlines ili ndi 49, imagwiritsa ntchito Boeing 737 ndi Dash 8 Q400. Pa muyezo wonyamukira uja, Boeing 737-800 imakhala m'ma 80, Q400 imatsala pang'ono kufika 80. Potera zimayandikana, zonse zimakhala m'ma 90. Concorde, ndege ya Angerezi ndi Afalansa yothamanga kuposa liwiro la mawu ija, inkafika pafupifupi 119 ponyamuka. Mwa njira, chilembo cha Q pa Q400 chikuimira mawu a Chingerezi otanthauza bata, koma bata lake kwenikweni ndi la mkati momwe mumakhala okwera, si la ife apansi.

Chinasintha ndi injini. Zakale zinkatulutsa mpweya wochepa koma wotentha ndi wothamanga koopsa, ndipo mpweya umenewo ukagundana ndi wozizira wa kunja ndi pomwe pamabadwa mkokomo uja. Zili ngati paipi ya madzi: mukaitseka theka ndi chala madzi amatuluka ochepa, mwaliwiro, akulira, mukachotsa chala amatuluka ambiri mwakachetechete. Injini za lero zili ndi chifani chachikulu kutsogolo chomwe chimakankha mpweya wambiri pang'onopang'ono mozungulira pakati potentha paja. Pa injini ya 737-800, mpweya wodutsa m'mbali umachuluka kasanu kuposa wolowa pamoto. Pa 737 MAX ndi pafupifupi kasanu ndi kanayi. Pa One-Eleven sunkafika n'komwe pofanana.

Kuti muone kuti kukula si nkhani, tengani chitsanzo cha bwalo la Heathrow ku London, komwe ndege iliyonse youluka usiku imapatsidwa mapointi a phokoso. Boeing 747-400 ikanyamuka imadya mapointi 4. Airbus A380, yomwe ndi yaikulu kuposa 747 ndipo imanyamula anthu ambiri, imadya 2 okha.

Pali chinthu chimodzi chowawa pa mbiri imeneyi. Maiko a European Union ataletsa ndege za Chapter 2 kuyambira pa 1 April 2002, zina sizinapite kukaphwanyidwa. Zinagulitsidwa motsika mtengo kumaiko osauka, kuphatikizapo a kuno ku Africa. Phokoso lomwe Azungu analikana linangosamukira kwa ena.

Zodutsa kwathu kuno

Za kuno ndi zazing'ono, koma zimabwera pafupi. Tindege ta pulopela imodzi si tachilendo m'boma la tiyi lino. Achikulire amakumbukira Luchenza Flying Club, kalabu ya okonda kuyendetsa tindege totere. Phokoso la kandege kotere silichokera ku injini yokha. Nsonga za pulopela zimazungulira mwaliwiro loyandikira liwiro la mawu, ndipo ndi zimene zimatulutsa kulira kong'amba kuja ikamanyamuka.

Yosokosa kwambiri m'gulu limeneli ndi yothira mankhwala kapena feteleza m'minda ikuluikulu. Ntchito yake imafuna kuti iuluke mamita owerengeka okha pamwamba pa mbewu, ikafika kumapeto kwa munda ikwere, ikhote, ibwererenso, choncho kwa maola angapo. Pokhoterapo kawirikawiri ndi pamwamba pa malire a munda, ndipo kuno kwathu malire a esiteti ndi pomwe pamayambira nyumba za anthu. Boma lino lili ndi anthu opitirira 720,000 malinga ndi kalembera wa 2018, pa malo a masikweya kilomita pafupifupi 1,700, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino ndi la maesiteti. Palibe thengo losiyanitsa tiyi ndi khonde la munthu. Esiteti ikabwereka kandege kotere, phokoso la pa mudzi woyandikana nawo pa mphindi yomwe kakudutsa lingathe kufanana kapena kuposa lomwe amamva munthu wokhala makilomita angapo kuchokera pa Chileka. Onjezani kuti ntchitoyi imachitika m'mamawa mphepo isanayambe, nthawi yomwe alonda ndi ogwira shifiti ya usiku kufakitale angogona kumene.

Helikopita ndi nkhani ina. Mapiko ake ozungulira akamamenya mpweya womwe phiko linzake lasiya, pamamveka phaphapha uja, makamaka ikamatsika. Phokoso lake ndi la besi, ndipo phokoso la besi limadutsa khoma mosavuta, kunjenjemeretsa malata ndi magalasi. Ikatera pa bwalo la sukulu, maphunziro a tsiku limenelo atha. Nkhuku zimaunjikana pakona ya khola, ng'ombe zimadula zingwe.

Komabe taonani izi. Namondwe wa Freddy atawononga mu March 2023, misewu ndi milatho itaduka, ndi mahelikopita ochokera ku Tanzania, ku Zambia ndi a bungwe la WFP amene ankafikitsa chakudya ndi mankhwala kwa anthu otsekeredwa ndi madzi m'maboma oyandikana nafe monga Mulanje, Phalombe ndi Nsanje. Ndani akanadandaula phokoso limenelo? Helikopita yomweyo ikabwera ndi bwana kumsonkhano wa ndale pa tsiku la mayeso a ana, madesibelo ndi omwewo koma mtima umalandira mosiyana. Akatswiri anaziona kale zimenezi: kukwiya kwa anthu ndi phokoso kumadalira manambala mbali imodzi chabe. Mbali ina ndi yakuti kodi anadziwitsidwa, kodi akuopa kuti ndegeyo iwagwera, kodi akupindulapo kanthu, kodi akadandaula alipo womvera.

Zatsopano ndi madroni. Malawi inatsegula malo oyesera madroni ku Kasungu mu 2017 mogwirizana ndi UNICEF, ndipo sukulu ya African Drone and Data Academy, yomwe inayamba mu 2020, imagwira ntchito limodzi ndi yunivesite ya MUST ya kwathu konkuno ku Ndata. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa madroni ananyamulapo mankhwala ndi magazi okayezetsa. Pa madesibelo droni ndi mwana poyerekeza ndi helikopita. Koma kafukufuku wa bungwe la NASA wa 2017 anapeza kuti anthu amanyansidwa ndi kulira kwa droni kuposa kwa galimoto ngakhale manambala atafanana. Amene anagonapo ndi udzudzu m'neti akudziwa chifukwa chake.

Nyengo nayonso imalowererapo. M'mamawa wozizira wa June ndi July mpweya wozizira umakhala pansi, wofunda pamwamba, ndipo mawu m'malo mokwera amabwerera pansi. N'chifukwa chake makina a fakitale amamveka kutsidya kwa dambo nthawi yachisanu, pomwe masana a October simungawamve. Ndege nayo imamveka patali choncho, ndipo zigwa zathuzi zimabweza mawu.

Chileka, Lumbadzi ndi Mzuzu

Phokoso la pa bwalo la ndege silifalikira mozungulira ngati madzi a m'beseni. Limatsata msewu wa ndege, ndipo pa mapu limaoneka ngati nkhaka yaitali. Ndege ikamatera imatsika pang'onopang'ono pa ngodya ya madigiri 3: pa makilomita 10 kuchokera pa msewu wake imakhala pa mamita opitirira pang'ono 500, pa makilomita 2 ili pa mamita 120 okha. Choncho munthu wokhala makilomita 5 molunjika kumapeto kwa msewuwo amavutika kuposa wokhala makilomita 2 cha m'mbali. Msewu waukulu wa pa Chileka unagona kuchokera kuvuma kupita kuzambwe, ndiye wofuna puloti kumeneko ayang'ane kaye mbali ziwiri zimenezo. Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, kutanthauza kuti mbali yomwe lero kuli zii mawa ingakhale yomwe zikudutsa. Osagula malo mutangopitako tsiku limodzi.

Bwalo la Chileka ndi la nthawi ya atsamunda, pa makilomita pafupifupi 16 kuchokera mu mzinda wa Blantyre. Kale pakati pa mzinda ndi bwalo panali minda ndi midzi yotalikirana. Lero aliyense wodutsa pa Kameza kulowera ku Chileka akuona momwe nyumba zikumerera mbali zonse za msewu. Bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, lomwe linatsegulidwa mu 1983, analiika dala kutali ndi mzinda wa Lilongwe, makilomita oposa 20, ndipo ndi lomwe lili ndi msewu wautali wolandira ndege zikuluzikulu. La ku Mzuzu ndiye lili mkati mwenimweni mwa mzinda, ngakhale kumatera zazing'ono zokha, ndipo nkhani yomanga lina kunja kwa mzinda yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri.

Chimene chikutipulumutsa pakali pano ndi kuchepa kwa ndege. Heathrow imaloledwa maulendo 480,000 pa chaka, omwe ndi pafupifupi 1,300 pa tsiku. Abale athu okhala ku Kempton Park kapena ku Tembisa, pafupi ndi bwalo la OR Tambo ku Johannesburg, amadziwa kuyimitsa kaye nkhani pa foni mpaka ndege idutse. Pa Chileka za tsiku limodzi mungaziwerenge muli pansi pa mtengo osasokonezeka. Koma boma lililonse limalonjeza kukuza mabwalo ndi kukopa alendo ambiri, ndipo lonjezo limenelo likadzakwaniritsidwa nyumba zomwe zikumangidwa lerozi zidzakhala zili pomwepo.

Zimene limachita m'thupi

Tinene mosabisa: munthu wokhala m'mudzi pafupi ndi bwalo la ndege sagontha chifukwa cha ndege zodutsa. Vuto lake limalowera kwina, ku tulo, ku mtima ndi ku maphunziro a ana.

Khutu siligona. Ndege ikadutsa usiku, ngakhale munthu asadzuke, mtima umathamanga ndipo BP imakwera kwa kanthawi. Zikamachitika usiku uliwonse kwa zaka, thupi limalipira. Kafukufuku wotchedwa HYENA, yemwe anachitika pafupi ndi mabwalo 6 a ku Ulaya ndipo anatuluka mu 2008, anapeza kuti phokoso la usiku likakwera ndi madesibelo 10, mpata wodwala BP umakwera ndi 14 pa 100. Wina, wofalitsidwa mu 2013 m'magazini ya zachipatala ya BMJ, anaunika anthu 3.6 miliyoni ozungulira Heathrow. M'madera a phokoso lalikulu kwambiri, ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha sitiroko anali ochuluka ndi 24 pa 100 kuposa m'madera abata. Olemba ake anachenjeza okha kuti zinthu zina monga kadyedwe ndi fodya zingakhale ndi gawo, koma zotsatira zofanana zapezekanso kumaiko ena.

Za ana ndiye zomveka bwino kwambiri, chifukwa ku Germany kunachitika chinthu chomwe palibe katswiri akanachikonza dala. Mu 1992 mzinda wa Munich unatseka bwalo lake lakale ndi kutsegula latsopano kwina. Akatswiri anayeza ana a mbali zonse ziwiri kusamukako kusanachitike ndiponso pambuyo pake. Ana a pafupi ndi bwalo lakale anayamba kuwerenga ndi kukumbukira bwino phokoso litachoka. A pafupi ndi latsopano anabwerera m'mbuyo. Kenako mu 2005 kafukufuku wa RANCH, wa ana oposa 2,800 a zaka 9 ndi 10 m'sukulu 89 za pafupi ndi mabwalo a London, Amsterdam ndi Madrid, anapeza kuti madesibelo 5 owonjezera amachedwetsa kawerengedwe ka mwana ndi mwezi umodzi kapena iwiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: mphunzitsi amaima, ana amayang'ana kumwamba, ndipo ndege ikapita onse ayambenso kufufuza pomwe analekezera. Ana athu ali ndi katundu wina pamwamba pake. Amaphunzira m'Chingerezi, chomwe si chilankhulo cha kunyumba, ndipo munthu womvera chilankhulo chachiwiri mawu amodzi akamuphonya chiganizo chonse chamuthawa.

Bungwe la WHO mu 2018 linalangiza maiko a ku Ulaya kuti phokoso la ndege lisapitirire madesibelo 45 pa avereji ya tsiku lonse, ndi 40 usiku. La magalimoto analiikira 53, la sitima 54. Ndege anaikhwimitsira chifukwa pa madesibelo ofanana anthu amavutika nayo kwambiri: imabwera modzidzimutsa, kuchokera kumwamba, ndipo simungathawire kuseri kwa nyumba. Ku America boma limayamba kuwerengera dera ngati losayenera nyumba pa 65. Kusiyana kwa 45 ndi 65 kukusonyeza kuti malire amenewa si a sayansi yokha, mulinso ndale ndi ndalama.

Manambala a Azungu, nyumba zathu

Powerenga zonsezi tikumbukire kuti anayezera anthu ogona m'nyumba za siling'i ndi mawindo a magalasi awiriawiri. Zenera lotseka bwino limachotsa madesibelo 25 kapena kuposa. Lotsegula pang'ono, pafupifupi 15. Nyumba ya malata yopanda siling'i, yokhala ndi mpata pakati pa khoma ndi denga, imatchinga pang'ono kwambiri. Denga la udzu lochindikala limachita bwino kuposa malata pa nkhani imeneyi. Kalasi ya zenera la njerwa zoboola, kapena ya pansi pa mtengo, ilibe chotchinga chilichonse, pomwe WHO imati m'kalasi phokoso la kumbuyo lisapitirire 35. Ndiye ndege imodzi kwa ife imalowa m'nyumba yonse yathunthu.

Chenjezo lina ndi la mawu akuti avereji. Malipoti ambiri a akatswiri amatenga phokoso la maola 24, kuwonjezera madesibelo 5 pa la madzulo ndi 10 pa la usiku, kenako kupeza nambala imodzi. Pa bwalo la ndege zochepa nambala imeneyo imatuluka yotsika, yokongola, chifukwa maola a bata amameza mphindi za phokoso. Koma palibe amadzutsidwa ndi avereji. Munthu amadzutsidwa ndi ndege imodzi ya 4 koloko m'bandakucha. Ku Australia anayambitsa muyezo wina wotchedwa N70, womwe umangowerenga kuti pa tsiku ndi ndege zingati zomwe zapitirira madesibelo 70 pa malo akutiakuti. Umenewu ngakhale agogo angaumve, ndipo pa msonkhano uliwonse wa zachitukuko cha bwalo la ndege ndi womwe tiyenera kufunsa.

Amene ali pangozi yogontha

Ameneyu ndi wogwira ntchito pafupi ndi makina: wonyamula katundu pa bwalo la ndege, wothira mafuta, wokweza matumba a feteleza m'kandege injini ili chilirire. Muyezo womwe akatswiri a zaumoyo wa pantchito amatsata ndi madesibelo 85 kwa maola 8. Mukawonjezera 3, nthawi idulidwe pakati: 88 ndi maola 4, 91 ndi maola 2, 94 ndi ola limodzi, 100 ndi mphindi 15 zokha.

Apa ndi pomwe ife a ku Thyolo tiyenera kuyang'ana pansi osati kumwamba. Mnyamata wa pachigayo amene amakhala m'menemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapena woyendetsa makina odula ndi kuumitsa tiyi nyengo ya dzinja masamba akachuluka, amalandira phokoso lambiri pa sabata imodzi kuposa lomwe munthu wa ku Chileka amalandira kwa ndege chaka chonse. Kugontha kotere kumabwera mwakachetechete ndipo sikuchira. Zizindikiro zake ndi khutu kulira lokha usiku, kukweza wailesi mpaka ana kudandaula, ndi kumva kuti anthu akulankhula koma osagwira mawu pagulu. Njira yoyezera popanda makina: ngati mukuyenera kukuwa kuti mnzanu amene ali pa mtunda wa mkono umodzi akumveni, malowo afika kapena apitirira 85. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo woteteza wantchito kwa olemba ntchito, ndipo zotsekera m'makutu si mphatso ya bwana ayi. Thonje wamba silithandiza kwenikweni.

Pomaliza pake ndi nkhani ya malo

Mu 2001 ICAO inagwirizana njira zinayi zothanirana ndi vutoli: injini zabata, kukonza bwino kagwiritsidwe ntchito ka malo ozungulira bwalo, kusintha kaulukidwe, ndipo zikakanika zonse, kuletsa ndege zina kapena maola ena. Ku Frankfurt ndege siziuluka kuyambira 11 koloko usiku mpaka 5 m'mawa chiyambire 2011, ndipo ku Sydney chiletso chimafika 6 koloko. Dziko ngati lathu silipanga injini, ndipo silingathamangitse makampani a ndege ochepa omwe amabwera. Chomwe chili m'manja mwathu ndi chachiwiricho: kusalola sukulu, chipatala kapena mapuloti kumapeto kwa msewu wa ndege, ndi kukambirana ndi eni malo ntchito isanayambe. N'chotchipa kuposa zonse, koma chimagwira pokhapokha nyumba zisanamangidwe.

A ku Japan anaphunzira movutikira. Mu 1966 boma linasankha minda ya alimi a ku Sanrizuka kuti pakhale bwalo la Narita osawafunsa. Alimiwo anakana, kunachitika nkhondo ndi apolisi, anthu anafa, ndipo bwalo linatsegulidwa mu 1978 ndi msewu umodzi wokha m'malo mwa itatu yomwe anakonza. Patapita zaka makumi angapo munali mukadali minda mkati mwa bwalolo. Kwa munthu wa ku Thyolo, komwe nkhani ya malo sinazizirepo chiyambire nthawi ya thangata, zimenezi sizifuna womasulira.

Malamulo oyambira tili nawo. Environment Management Act ya 2017 inakhazikitsa bungwe la MEPA, ndipo chitukuko chachikulu ngati bwalo la ndege chimayenera kuunikidwa kaye momwe chikhudzire anthu ndi chilengedwe, anthu a m'deralo atafunsidwa maganizo. Malawi Bureau of Standards ili ndi muyezo wa malire a phokoso, ndipo Civil Aviation Act ya 2017 ndi yomwe inabweretsa bungwe loyang'anira za ndege m'dziko muno. Malamulo a ICAO amati kupatula ponyamuka, potera kapena pa chilolezo chapadera monga cha zothira mankhwala, ndege isatsike kupitirira mamita 300 pamwamba pa tauni kapena khamu la anthu, ndi mamita 150 kwina konse. Maesiteti okhala ndi satifiketi ya Rainforest Alliance amayeneranso kuchenjeza anthu oyandikana nawo ndi kusiya mpata m'malire akamapopera mankhwala ndi ndege. Lamulo limenelo analembera mankhwala osati phokoso, koma chidziwitso chomwecho chingathandize ahedi kusuntha mayeso ndi woweta nkhuku kukonzekera.

Ngati ndege ikukusowetsani mtendere, kudandaula pakamwa pokha kumathera m'malere. Lembani m'kope tsiku, nthawi, komwe yachokera ndi komwe yalowera, ndi kangati, kwa sabata ziwiri kapena zitatu. Onani zilembo za pathupi pake: za ku Malawi zimayamba ndi 7Q, za ku South Africa ZS, za ku Zambia 9J, za ku Tanzania 5H, za ku Mozambique C9. Mapulogalamu oyezera phokoso a pa foni amaphonya ndi madesibelo angapo, makamaka phokoso likakula kwambiri, koma foni imodzi yomweyo mukamayezera pa malo amodzi imaonetsa kusiyana kwa tsiku ndi tsiku. Kopelo lipite kwa amfumu ndi ku VDC, likwere ku ADC, mpaka kwa mkulu woona zachilengedwe ku khonsolo pa boma, ndipo ngati pali sukulu yokhudzidwa ahedi asainepo nawo.